Banki ya anthu omasulidwa ku ukapolo ija: boma linakana ngongole koma nyumba linagula

Ku Washington, likulu la America, mukamayenda mu msewu wa Pennsylvania Avenue chapafupi ndi White House, pali chinyumba china chamiyala yotuwa, cha mizati italiitali, chayang'anizana ndi likulu la Treasury, unduna wa zachuma wa kumeneko. Dzina lake ndi Freedman's Bank Building. Ndiye ukamva dzinalo ungaganize kuti mkatimo muli banki, mwina ulowe ukafunse zotsegula akaunti. Mulibe banki mmenemo abale, muli maofesi a boma okhaokha, komanso chinyumba chilipo lerochi si chomwe munali bankiyo ayi, yeniyeniyo anaigwetsa kalekale mu 1899. Dzina lokha ndi lomwe linabwerera pamalopo, mu 2016.

Nkhani yake imayambira ku nkhondo. Kuyambira 1861 mpaka 1865 anthu a ku America anamenyana okhaokha, akumpoto ndi akumwera, ndipo gwero la mkangano linali ukapolo. Nthawi imeneyo akapolo analipo pafupifupi 4 miliyoni. Nkhondo ili mkati amuna akuda pafupifupi 180,000 analowa usilikali ku mbali ya kumpoto, ambiri mwa iwo ongothawa kumene m'minda ya thonje ndi ya fodya, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anayamba kulandira malipiro. Malipiro ake poyamba anali atsankho, wakuda ankalandira madola 10 pamwezi n'kumudulanso 3 ya yunifolomu pomwe mzungu ankalandira 13, mpaka mu 1864 pomwe anawafananiza. Komabe inali ndalama, ndipo funso linali lakuti munthu ali ku msasa wa nkhondo, alibe nyumba, mkazi ndi ana mwina anagulitsidwa kwina sakudziwa n'komwe ali, ndalamayo aisunga kuti? Akathyali anali ponseponse kuzungulira misasa, ogulitsa mowa, ajuga, ena onamizira kuti akusungira. Ndiye akuluakulu ena a asilikali anatsegula timabanki ting'onoting'ono ta ku msasa mu 1864, ku Beaufort, ku Norfolk ndi ku New Orleans.

M'busa wina wa ku mpoto, John W. Alvord, ataona zimenezi anati bwanji osangopanga banki imodzi yaikulu ya anthu onse omasulidwa. Mu January 1865 anasonkhanitsa anthu amabizinesi ku New York, nkhani inapita ku nyumba ya malamulo ya Congress kudzera mwa Charles Sumner, mmodzi wa aphungu a kumeneko, ndipo pa 3 March 1865 pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo lokhazikitsa Freedman's Savings and Trust Company. Patangotha masabata asanu ndi limodzi Lincoln anaphedwa.

Apa ndi pomwe muyenera kugwira bwinobwino chifukwa chisokonezo chonse chagona pamenepa. Tsiku lomwelo la 3 March, Lincoln anasainanso lamulo lina lokhazikitsa Freedmen's Bureau, yomwe inali nthambi yeniyeni ya boma yoyang'anira anthu omasulidwa, za sukulu, chakudya, makontrakiti a ntchito ndi zina zotero. Maina ofanana, tsiku limodzi, wosaina mmodzi. Koma Bureau inali ya boma pomwe banki inali kampani yoyima payokha, boma linangoipatsa chilolezo basi, silinalonjeze kuti zikavuta lidzabweza ndalama za anthu. Nanga munthu wamba akanasiyanitsa bwanji? Alvord yemweyo anali mkulu wa banki komanso woyang'anira masukulu ku Bureau. Mkulu wa Bureau, General O. O. Howard, ankailimbikitsa poyera bankiyo. M'madera ambiri wogwira ntchito ku Bureau ndi yemwenso ankalandira ndalama za banki, nthawi zina ali mu yunifolomu ya usilikali. Timapepala totsatsa tinali ndi nkhope ya Lincoln, ndipo uthenga womwe unkafika kwa anthu m'matchalitchi ndi m'masukulu unali woti ndalama yako ili m'manja mwa boma la America. Munthu woti lamulo linkamuletsa kuphunzira kuwerenga moyo wake wonse, umuuze kuti akawerenge malamulo a kampani aone ngati muli chitsimikizo cha boma? Ine ndimaona kuti pamenepa chinyengo chinayamba ndalama isanabedwe ndi imodzi yomwe.

Poyamba penipeni zinthu zinali bwino, tisaname. Malamulo a banki ankati ndalama za anthu zisamabwerekedwe kwa munthu, zizingogulira mabondi a boma la America, kutanthauza kuti banki ikubwereka boma ndipo boma likubweza ndi chiwongola dzanja, njira yosapindulitsa kwambiri koma yotetezeka. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lomwe linkaloledwa kukhala padera kuti anthu akafuna kutapa azipeza ndalama. Nthambi zinafika 37 m'ma state 17 komanso ku Washington. Umatha kutsegula akaunti ngakhale ndi masenti ochepa, ana asukulu ankabwera ndi timakobidi tawo, azimayi ochapa zovala, ophika, onyamula katundu ku madoko, akalipentala, alimi, ndiponso mipingo ndi magulu othandizana pa maliro ankasungitsa thumba lawo lonse kumeneko. Amene munakhalapo mu banki m'khonde mukudziwa kulemera kwa kandalama kotere, si ndalama yotsala ayi, ndi ndalama yoti munthu wadzimana ndiwo kuti aponye. Ambiri cholinga chawo chinali chimodzi, kugula kamalo kawokawo kuti asiye kulima m'munda mwa yemwe anali mbuye wawo.

Chinthu chimodzi chokha, bankiyo sinkabwereketsa eni ndalamawo. Unkasunga koma loni yogulira munda kapena kuyambira geni sunkaiona. Ndipo matrasti 50 oyambirira, anthu a mu bodi yoyang'anira bankiyo, onse anali azungu, akuda anayamba kulowa mu bodi mochedwa, zinthu zitayamba kale kupendekeka.

Mu 1867 likulu linasamuka ku New York kupita ku Washington, ndipo apa ndi pomwe nyumba ija ikulowa mu nkhani. Mabwana anagula malo pa Pennsylvania Avenue, pakona pa Madison Place, kuyang'anizana ndi Treasury, White House ili poteropo, n'kumangapo chinyumba chosanja cha mwala wofiirira chomwe chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 ndipo chinadya madola pafupifupi 260,000. Ndalama zake zochokera kuti? Zomwezo za ochapa zovala zija. Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo ali mnyamata n'kudzakhala munthu wakuda wotchuka kwambiri mu America yonse, anadzalemba pambuyo pake mmene nyumbayi inkamukomera. Akuti akamadutsa ankasuzumira pa mawindo ake akuluakulu, n'kumaona makauntala a mwala wa mabo, matabwa okwera mtengo opolishidwa bwino, ndi makalaliki akuda otchena, cholembera chili kukhutu duwa lili pa jekete, akuwerenga ndalama. Kwa munthu yemwe anakulira poona anthu akuda akugulitsidwa pa msika ngati mbuzi, zimenezi zinali zogwetsa misozi. Ndiye taganizani mlimi wochokera kumudzi ku Virginia wafika mu tauni, akuona banki yake yayang'anizana ndi nyumba yosungira chuma cha dziko lonse, angakayike chani? Nyumbayo inkalankhula yokha kuti kuno ndi kwa boma, pomwe si zoona. Chikomekome cha mkuyu ndithu.

Nyerere zake zinalowa chonchi. Kusamukira ku Washington kunaika banki m'manja mwa kagulu ka anthu amabizinesi ndi andale a mumzindawo, ndipo wamkulu wawo anali Henry D. Cooke. Bamboyu anali mkulu wa banki ina, First National Bank ya ku Washington, anadzakhalanso bwanamkubwa woyamba wa dera la Washington mu 1871, komanso anali mng'ono wake wa Jay Cooke, mponda matiki yemwe anathandiza boma kugulitsa mabondi a nkhondo. Henry Cooke analowa mu komiti ya zachuma ya Freedman's, komiti ya anthu ochepa yomwe inkagamula komwe ndalama zipite, pomwe matrasti enawo ambiri anali anthu otchuka ongobwereketsa maina, ku misonkhano osabwera. Kusungitsa mbuzi kwa fisi kumeneko.

Mu 1870 anakakamiza Congress kusintha malamulo a banki, ndipo zinadutsa mosavuta. Tsopano theka la ndalama linaloledwa kubwerekedwa kwa anthu, bola chikole chikhale malo kapena nyumba ya mtengo wowirikiza kawiri ngongoleyo. Papepala zikumveka bwino eti? Koma wowerengera mtengo wa chikolecho ndi ndani, si omwewo? Ngongole zinayamba kupita kwa anzawo, kwa abale, kwa makontrakitala omwe ankakonza misewu ya Washington, zina chikole chake mapepala opanda ntchito, zina popanda chikole n'komwe. Ndalama ija yoikidwa padera kuti anthu azitapa nayonso inasanduka thumba lobwerekana. Kampani ya Jay Cooke inatengako madola 500,000 pa chiwongola dzanja chotsika. Ngongole zoola zomwe First National inkafuna kuzitaya zinkakankhidwira ku Freedman's, uku iwo akutengako ndalama zabwinobwino.

Chitsanzo chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha Seneca Sandstone Company, kampani yokumba miyala ku Maryland. Henry Cooke anali mmodzi wa eni ake, ndipo masheya ena anali ndi akuluakulu a ndale kuphatikizapo Ulysses Grant yemwe anali pulezidenti wa dziko nthawi imeneyo. Kampaniyi inabwereka ndalama ku Freedman's pa chikole chosadalirika, ngongole yosabwezedwa bwino, ndipo mwala wofiirira womwe anamangira likulu la banki uja unali wa ku Seneca komweko. Ndiye onani, munthu mmodzi ali mbali yobwereketsa, ali mbali yobwereka, alinso mbali yogulitsa miyala. Khoma lomwe anthu ankaliyang'ana n'kumalimba mtima linali umboni wa katangale yemweyo.

Ku nthambi nakonso sikunali bwino. Makalaliki ambiri anali anthu a mtima wabwino, aphunzitsi ndi abusa, koma za mabuku a banki sanaphunzire, ena ankasokoneza mawerengero mosadziwa, ena ankasolola dala, ndipo oyendera mabuku anali ochepa kwambiri pa nthambi 37 zomwazikana dziko lonse. Congress inali ndi mphamvu yoyendera mabukuwo kuyambira pachiyambi koma kwa zaka zambiri sinadzivutitse.

Kenako mu September 1873 kampani ya Jay Cooke inagwa. Anali atathira ndalama zambirimbiri mu njanji ya Northern Pacific, mabondi ake osagulika, ndipo pa 18 September anatseka zitseko. Chuma cha America chonse chinagwedezeka, mabanki ambiri anatsekedwa, mitengo ya malo ndi nyumba inatsika, ndiye chikole chija chomwe chinali chokokomeza kale chinangosanduka mphepo. Anthu atamva mphekesera anathamangira ku nthambi kukatapa ndalama zawo, mizere italiitali, ndipo kuti iwalipire banki inagulitsa mabondi a boma aja, chuma chenicheni chokhacho chomwe inali nacho. Chotsala m'kabati chinali mulu wa mapepala a ngongole zosabwezedwa. Henry Cooke nthawi imeneyi anali atatuluka kale mu bodi.

Ndiye mabwana otsalawo anaganiza zoti apeze nkhope yomwe anthu akuda angaikhulupirire. Mu March 1874 anasankha Frederick Douglass kukhala pulezidenti wa banki. Mkuluyu za banki sankazidziwa, iye mwini anavomera, koma ankaikonda bankiyo ndipo anamuuza kuti zinthu zili bwino kungofunika kukhazika anthu mitima pansi. Analemba makalata olimbikitsa anthu kuti asatape ndalama, anabwereketsanso banki madola 10,000 a m'thumba mwake. Atayamba kufunsa mafunso ndi kuona mabuku ndi pomwe anazindikira kuti ngakhale matrasti ena omwe ankamulimbikitsa aja ndalama zawo anali atazichotsa kale kapena sankasunga n'komwe kumeneko. Mawu ake omwe amakumbukika ndi oti anapezeka kuti wakwatira mtembo. M'kalata ina anati bankiyi inali ng'ombe ya munthu wakuda koma mkaka wake wa mzungu. Anapita kukauza komiti ya zachuma ya Senate, nyumba imodzi mwa ziwiri za Congress, komiti yomwe wapampando wake anali John Sherman, kuti banki yafa ndipo iye sangapitirize kuuza anthu osauka kuti aziikamo ndalama. Kumapeto kwa June 1874 zitseko zinatsekedwa, iye atangokhala pampando miyezi itatu yokha.

Pali anthu ena mpaka lero amati Douglass analakwa kulowa, kuti dzina lake linachititsa ena kusiya ndalama zawo mkati pomwe akanatha kuzipulumutsa. Mfundoyo ili ndi mutu. Koma onaninso mmene anaikonzera nkhaniyo, zaka zonse zodyerera pampando panali azungu, nthawi yogwa itakwana pampando pali munthu wakuda, ndipo adani a anthu akuda kumwera anapeza poyambira kunena kuti mwaona, anthu amenewa sangayendetse chuma.

Pa tsiku lotseka, maakaunti oposa 61,000 anali ndi ndalama pafupifupi madola 3 miliyoni. Mukagawa mupeza kuti ndi pafupifupi madola 50 pa munthu, zooneka zochepa, koma kumbukirani msilikali uja wa madola 13 pamwezi, ndipo ambiri anali ndi zochepera pamenepo. Anasankha makomishonala atatu oti atolere ngongole ndi kugulitsa katundu, mmodzi mwa iwo Robert Purvis, wakuda wodziwika polimbana ndi ukapolo. Kubweza kwake kunali kwa pang'onopang'ono ngati madontho, 20 peresenti mu 1875, 10 mu 1878, 10 mu 1880, 15 mu 1882, ndi 7 mu 1883, zonse pamodzi 62 peresenti. Koma 62 imeneyo ndi ya munthu yemwe anatsatira ulendo wonse kwa zaka zisanu ndi zinayi. Kuti ulandire unkayenera kutumiza kabuku kako ka ku banki ku Washington pa positi, nthambi ya kwanu itatsekedwa kale, iwe wosadziwa kulemba, mwina unasamuka, mwina kabukuko kanapsa kapena kananyowa, mwina mwini wake anamwalira ana osadziwa kuti kuli ndalama. Ena anagulitsa timabuku tawo motchipa kwa anthu ochenjera chifukwa cha njala. Anthu masauzande ambiri, makamaka a timaakaunti tating'ono, sanalandire kalikonse.

Congress inafufuza, kawiri konse, ndipo kafukufuku wachiwiri anatsogolera ndi Blanche K. Bruce, senator wakuda wa ku Mississippi yemwe naye anabadwira mu ukapolo. Zonse zinaululika, maina, ngongole, zonse. Anthu analemba makalata kwa zaka zambiri kupempha kuti boma libweze zotsalazo poti ndi boma lomwe linawachititsa kukhulupirira. Pulezidenti Grover Cleveland mu 1886 anauza Congress kuti chilungamo chake n'choti anthuwa alipidwe. Mabilu ankabwera n'kumafera m'njira mpaka zaka za m'ma 1900, yankho lake limodzimodzi, bankiyo sinali ya boma. W. E. B. Du Bois, mlembi wakuda wotchuka, mu 1903 analemba kuti ngakhale zaka khumi zina za ukapolo sizikanapha mtima wosunga ndalama mwa anthu akuda ngati mmene inachitira banki imeneyi. Inshuwalansi ya boma yoteteza ndalama za anthu m'mabanki inadzabwera ku America mu 1933, mabanki a azungu atagwa ambirimbiri.

Tsopano nyumba ija. Banki ikadali moyo, zipinda zam'mwamba ankachita lendi ndi a Department of Justice, unduna wa zachilungamo, inde, wa zachilungamo, ali pamwamba pomwe pansi pakuchitika zonsezi. Banki itafa iwo anapitiriza kukhalamo, ndipo mu 1882 boma linagula nyumbayo pa madola 250,000, ndalama yomwe inathandiza kulipira zigawo zomaliza zija. Ndiye boma lomwe linati banki si yathu linatsala ndi chinthu chokhacho cholimba chomwe timakobidi ta anthu aja tinamanga, pamalo abwino kwambiri mu mzinda wonse. Anaigwiritsa ntchito mpaka inakalamba n'kuyamba kuopsa, mu 1899 anaigwetsa, ndipo malowo anakhala opanda kanthu zaka pafupifupi 20. Kungokumbutsana, chaka chimenecho John Chilembwe wathu anali ku America komweko, ku sukulu ku Lynchburg, Virginia, tauni yomwe nayo inali ndi nthambi ya bankiyi, ndiye ena mwa akuluakulu omwe ankapemphera nawo anali a m'badwo womwe unaluza ndalama uja.

Chinyumba chomwe chilipo lero anachimanga pakati pa 1917 ndi 1919, wojambula pulani yake Cass Gilbert, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 chinkangotchedwa Treasury Annex, dzina lopanda mbiri iliyonse. Pa 7 January 2016 nduna ya zachuma Jacob Lew anachisintha dzina kukhala Freedman's Bank Building, anthu ngati John Hope Bryant, munthu wakuda wamabizinesi, atalimbikira nkhaniyi, ndipo Andrew Young, mnzake wa Martin Luther King uja, analipo pa mwambowo. Mwa maofesi omwe ali mmenemo muli OFAC, ofesi yomwe imayendetsa zilango za chuma zomwe America imapereka kwa maiko ndi anthu, abale athu a ku Zimbabwe dzina limeneli akulidziwa bwino.

Chomwe chinapulumuka chenicheni ndi mabuku olembetsera. Poti anthu ambiri sankatha kusaina, kalaliki ankafunsa mafunso ambiri kuti adzamuzindikire mwini akaunti, dzina, zaka, komwe unabadwira, khungu lako ndi lotani, ntchito, mkazi kapena mwamuna wako, ana, bambo ndi mayi, azichimwene ndi azichemwali, ndipo m'mabuku oyambirira ankafunsanso dzina la munda ndi la yemwe anali mbuye wako. Anthu ankatchula ndi abale omwe anagulitsidwa kutali, omwe anamwalira, omwe sakudziwika komwe ali. Kalembera wa boma wa 1850 ndi 1860 akapolo sankawalemba maina, ankangolemba zinthu ngati zaka, khungu ndi zoti mwamuna kapena mkazi pansi pa dzina la mwini wawo, ndiye kwa mabanja ambiri akuda a ku America mabuku a bankiwa ndi malo oyamba pomwe agogo awo analembedwa ngati anthu okhala ndi makolo ndi abale. Mabuku a nthambi 29 alipo mpaka pano ku National Archives, kosungira zolembedwa zakale za boma la America. Maina pafupifupi 480,000 anawalowetsa mu kompyuta ndi akaidi a ku ndende ya boma ku Utah, ntchito ya zaka 11 yomwe anaitsogolera ndi a mpingo wa Mormon, ndipo inatuluka mu 2001.